Google Earth ikavuta pa kompyuta: chizindikiro, choyambitsa ndi mokonzera

Madandaulo a Google Earth, pulogalamu yoonetsa dziko pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, sasintha kwenikweni. Mphunzitsi wa jogalafe akuti ikukana kulowa pa kompyuta ya kusukulu. Mlangizi wa zaulimi akuti ikungoonetsa mdima. Wogwira ntchito yokumba mijigo akuti mapini onse oonetsa malo pa mapu amene anaika chaka chatha asowa. Pafupifupi onsewa amathamangira njira imodzi, kuichotsa n'kuiikanso. Njira imeneyi imadya bandulo ndi nthawi, koma nthawi zambiri sikonza kanthu, chifukwa vuto silikhala mu pulogalamu yeniyeniyo. Limakhala mu driver ya graphics (kapulogalamu koyendetsa chipangizo chojambula zithunzi pa sikirini), mu cache (mosungira zithunzi zimene mwaona kale), pa intaneti, kapena m'kalembedwe ka manambala a malo. Mukachotsa pulogalamu, mafayilo anu ndi cache zimatsala pa kompyuta, ndiye chimene chinawonongekacho mudzachipeza chikukudikirani.

Zambiri zimene zili pano zikukhudza Google Earth Pro, ija yoika pa kompyuta ya Windows, Mac kapena Linux. Kale inkagulitsidwa madola 399 pachaka, koma kuyambira 2015 ndi yaulere, ndipo ya masiku ano siifunsanso kiyi ya laisensi. Munthu akakuuzani kuti mulipire, kapena akakupatsani "crack" pa flashi, mukane. Palinso Google Earth yotsegulira mu browser, imene inayamba mu 2017. Imeneyo ili ndi gawo lake kumunsi.

## Musanakhudze kalikonse, koperani mapini anu

Mapini, mizere ndi malire onse amene mwajambula mu My Places amakhala mu fayilo imodzi yotchedwa myplaces.kml. Sali pa intaneti ndipo Google ilibe kopi yake. Tsekani Google Earth, pitani ku foda ili m'munsiyi, koperani myplaces.kml ndi myplaces.backup.kml pa flashi.

- Windows: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %USERPROFILE%\AppData\LocalLow\Google\GoogleEarth
- Mac: mu Finder sankhani Go, kenako Go to Folder, lembani ~/Library/Application Support/Google Earth
- Linux: foda yobisika ya ~/.googleearth

Dziwaninso za Repair Tool, chifukwa tiitchula kambirimbiri. Ili pa Help, kenako Launch Repair Tool. Ikatseguka, tsekani Google Earth koma kawindo ka Repair Tool kasiyeni. Ngati Google Earth sikutseguka n'komwe, pa Windows pitani ku C:\Program Files\Google\Google Earth Pro\client mudine repair_tool.exe. Mu Repair Tool muli batani lofufuta My Places. Limenelo musaliyandikire pokhapokha muli ndi kopi pa flashi.

## Chizindikiro 1: Ikukana kulowa pa kompyuta

Pa Windows

1. Intaneti yadukira pakati. Kafayilo kamene mumatenga patsamba loyamba la Google ndi koyambitsira chabe, pulogalamu yonse kamakaitenga pa intaneti mukakadina. Netiweki ikagwedera pang'ono, ntchito yaima. Fufuzani "Google Earth Pro direct installers" pa tsamba la chithandizo la Google, mutenge fayilo yathunthu. Imeneyi mungaiike pa flashi n'kuyendetsa makompyuta onse a mu labu ya sukulu osadyanso bandulo.
2. Error 1603. Kawirikawiri imatanthauza kuti Google Earth ilimo kale, kapena yakale inachoka mosiya zotsalira. Yang'anani mu foda ya client ija. Ngati muli googleearth.exe, idineni. Ikatseguka, ndiye kuti chimene chinasowa ndi kachithunzi ka pa desktop basi, pangani kena. Ikapanda kutseguka, chotsani yakaleyo kudzera ku Settings, Apps, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, kenako ikani yatsopano. Yakale ikakana kuchoka, Microsoft ili ndi kapulogalamu kaulere ka Program Install and Uninstall troubleshooter kamene kamachotsa zotsalirazo.
3. Error 1618. Windows ikuika chinthu china, nthawi zambiri ndi Windows Update. Dikirani imalize, muyatsenso kompyuta.
4. Mulibe chilolezo cha administrator. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Run as administrator. Ikafunsa pasiwedi imene simuidziwa, ndipo kompyutayo ndi ya kuntchito, pamenepo mwafika polekera. Kaonaneni ndi a IT.
5. Fayilo siikugwirizana ndi Windows yanu. Pitani ku Settings, System, About. Ngati palembedwa 32-bit, fayilo ya 64-bit siilowa. Ngati palembedwa S mode, kompyutayo imalola mapulogalamu a mu Microsoft Store okha. Kutuluka mu S mode n'kwaulere koma simungabwereremonso, choncho ganizani kaye ngati ya mu browser siingakukwanireni.
6. Malo atha pa disiki. Pakhale 2 GB yosagwiritsidwa ntchito, ikakhala 4 GB ndi bwino koposa.

Pa Mac

Tsegulani fayilo ya .dmg, mudine phukusi loikira limene lili mkatimo. Mac ikakana kuti siikuidziwa, pitani ku System Settings, Privacy & Security, muilole, bola ngati munaitenga kwa Google. Pa Mac ya M1 kapena yatsopano kuposa apo, ikakupemphani kuika Rosetta, vomerani.

Pa Linux

- Lembani uname -m mu terminal. Ikayankha x86_64, muli bwino. Ikayankha aarch64, monga pa Raspberry Pi, Google Earth Pro siingalowe. Gwiritsani ntchito ya mu browser kapena Marble, pulogalamu yaulere ya KDE imene imaonetsanso dziko lozungulira.
- Ubuntu, Mint ndi Debian zimafuna fayilo ya .deb, pamene Fedora ndi openSUSE zimafuna .rpm.
- Ikani ndi sudo apt install ./google-earth-pro-stable_current_amd64.deb muli mu foda imene muli fayiloyo. Kadontho ndi kamzere koyambirirako musakaiwale. Ngati munagwiritsa dpkg ndipo yadandaula kuti pali zosowa, lembani sudo apt -f install.
- apt ikamadandaula za i386 nthawi iliyonse mukapanga update, tsegulani /etc/apt/sources.list.d/google-earth-pro.list muwonjezere [arch=amd64] pambuyo pa mawu akuti deb.

## Chizindikiro 2: Ikutseguka n'kutsekeka yokha, kapena dziko likuoneka lakuda

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima n'kunena kuti kompyuta yawo ndi yakale. Koma Google Earth Pro siifuna zambiri: RAM ya 2 GB imayendetsa, ya 4 GB imayendetsa bwino. Laputopu ya zaka khumi imakwanitsa ngati driver yake ili m'malo.

1. Driver ya graphics palibe kapena ndi yakale. Ili ndiye vuto lalikulu, makamaka pa malaputopu ogula kwa munthu, amene wogulitsa anangoikamo Windows yatsopano mwachangu. Dinani Start ndi batani lakumanja, Device Manager, kenako Display adapters. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti driver yeniyeni mulibe. Kompyuta yotere imalemba makalata ndi kutsegula Facebook bwinobwino, n'chifukwa chake mwiniwake sadziwa kuti pali chosowa mpaka atatsegula chinthu cha 3D. Werengani nambala ya modelo pansi pa laputopu, mutenge driver patsamba la amene anaipanga, kaya HP, Dell kapena Lenovo. Ikasowa kumeneko, pitani kwa Intel, AMD kapena NVIDIA. Mapulogalamu aja olonjeza kukupezerani madriver onse ndi batani limodzi ndimawaletsa. Ambiri amabwera ndi zinyalala zotsatsa malonda, ena amaika driver yolakwika.
2. DirectX ndi OpenGL. Pa Windows, Google Earth ili ndi njira ziwiri zojambulira dziko pa sikirini. Ina ikakana, inzake imavomera. Sinthani ku Tools, Options, 3D View, pa Graphics Mode, kapena mu Repair Tool ngati pulogalamu siikukhala yotseguka. Tsekani n'kutsegulanso kuti kusinthako kugwire.
3. Cache yawonongeka. Zimachitika magetsi akazima pulogalamu ili pakati pa ntchito. Mu Repair Tool dinani Clear disk cache. Werengani chenjezo la pa Chizindikiro 4 musanatero.
4. myplaces.kml yakula kapena yawonongeka. Ngati ikufa pamene ikulemba kuti ikutsegula My Places, samutsani myplaces.kml kupita pa desktop, mutsegulenso. Ikatseguka, mwapeza choyambitsa. Pitani ku Chizindikiro 5.
5. Graphics ndi yofooka ndithu. Yatsani Safe Mode ndi kuzimitsa Atmosphere mu Repair Tool. Dziko silioneka lokongola monga kale koma ntchito imayenda.
6. Laputopu ili ndi makhadi awiri a graphics. Pitani ku Settings, System, Display, Graphics, muwonjezere googleearth.exe, muyese khadi lina.

Pa Linux pali kena kapadera. Ikamanena kuti Google Earth ndi yotseguka kale chonsecho palibe, fufutani fayilo ya instance-running-lock mu ~/.googleearth. Imatsala pulogalamu ikafa mwadzidzidzi.

## Chizindikiro 3: Dziko likuoneka koma silikuyera, kapena ikuti yalephera kufika ku seva

Zithunzi za Google Earth sizikhala pa kompyuta yanu. Zimabwera pang'onopang'ono kuchokera ku seva ya kh.google.com pamene mukuyandikira pansi. Kumunsi kumanja kuli kabwalo kakang'ono koonetsa ngati zikubwerabe.

1. Bandulo yanu ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Foni ikuonetsa kuti intaneti ilipo, mauthenga akulowa, koma Google Earth siingadutse. Yesani kutsegula tsamba lina lililonse mu browser pa kompyutayo. Likakana, gulani bandulo ya intaneti yonse.
2. Tsiku ndi nthawi pa kompyuta n'zolakwika. Yang'anani pakona ya sikirini. Kompyuta imene ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo imakana ziphaso za chitetezo za Google, ndipo kulumikizana kumalephera. Konzani tsikulo. Likamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mukazimitsa, kabatire kozungulira ka pa motherboard katha. Pa makompyuta ambiri a patebulo ndi CR2032, kotchipa ndithu. Pa laputopu kamakhala mkati kwambiri, musiyireni mmisiri.
3. Netiweki ndi yofooka. Zimitsani zonse za mu Layers, mndandanda wa kumanzere kwa sikirini, mudikire kabwalo kaja kamalize musanasunthe mapu.
4. Firewall, antivirus kapena proxy, zimene zimasefa zodutsa pakati pa kompyuta ndi intaneti. Lumikizani laputopu ku hotspot ya foni. Ikayenda, ndiye kuti netiweki ya kuofesi kapena ya kukoleji ndi imene ikutsekereza, ndipo oitsegula ndi eni ake. Ikakanabe, onani ku Settings, Network & Internet, Proxy ngati mwatsala proxy ya kumene laputopuyo inkagwira ntchito kale. Lolani googleearth.exe mu firewall, koma antivirus musaisiye yozimitsa.
5. Cache yasunga zithunzi zobwera theka. Mukaona mabokosi akuda kapena otuwa pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, dinani File, Server Sign Out, fufutani cache, kenako Server Sign In.

Zonsezi zikakhala bwino koma mudzi wanu ukuonekabe mbuu pamene tauni yapafupi ikuoneka nyumba iliyonse, palibe chowonongeka. Onani Chizindikiro 7.

## Chizindikiro 4: Ikuchedwa, ikudukizadukiza, ikudya bandulo

- Zimitsani 3D Buildings, Photos, Weather ndi Gallery mu Layers. Terrain nayo izimitseni ngati simukufuna kuona mapiri ndi zigwa.
- Ku Tools, Options, 3D View, ikani Anisotropic Filtering ndi Antialiasing pa Off.
- Mu My Places chotsani kachongi pa mafoda amene simukuwagwiritsa ntchito lero.
- Tsekani browser. Pa kompyuta ya 4 GB, Chrome yokhala ndi masamba ambiri imalanda RAM yonse.
- Laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu. Ilumikizeni ku magetsi muone kusiyana.
- Mukatsegula shapefile (fayilo ya mapu) kapena CSV (fayilo ya tebulo, monga yochokera mu Excel) ya zinthu zoposa 2,500, Google Earth imachenjeza. Sankhani Restrict to view m'malo mwa Import all.

Cache ndiyo imapulumutsa bandulo. Ku Tools, Options, Cache, kwezani disk cache kufika pa malire ake, pafupifupi 2 GB. Malo amene mwawaona kamodzi amasungidwa mmenemo, ndipo mukabwererako satengedwanso pa intaneti. Amene mukupita kumudzi kopanda netiweki, yendani pang'onopang'ono pamwamba pa dera lonselo muli pa Wi-Fi, pa msinkhu umene mudzafune kuonera, mukudikira kabwalo kaja pamalo aliwonse. Mukafika kumudziko, tsegulani Google Earth popanda intaneti, ikadandaula za seva ingopitirizani, zithunzi zija zidzaoneka.

Chenjezo lake ndi ili: Clear disk cache imafufuta zonsezo. Mukakhala kale kumudzi, yesani njira zina zonse kaye. Cache ikadzaza, zithunzi zakale zimachoka kuti zatsopano zilowe, ndiye usiku woti mawa ulendo musayambe kuyendera London ndi Johannesburg.

## Chizindikiro 5: Mapini ndi malire amene ndinajambula zasowa

1. Zinali mu Temporary Places. Fayilo iliyonse ya mapini ndi mizere, kaya ya KML, KMZ kapena GPX, imene mwatsegula imafikira mmenemo, ndipo mukatseka pulogalamu imachoka. Fayilo yeniyeniyo ikadali pamene munaitenga, itseguleninso, muidine ndi batani lakumanja, musankhe Save to My Places.
2. Pulogalamu inafa musanasunge. Google Earth Pro imalemba myplaces.kml mukamaitseka bwinobwino. Magetsi akazima, ntchito yonse ya tsikulo imapita. Zolowerani kudina File, Save, Save My Places mukamaliza munda uliwonse.
3. Kachongi kachoka. Yang'anani mu My Places. Mwina foda ilipo koma ndi yozimitsa.
4. Mwalowa ndi dzina lina pa Windows. Aliyense wolowa pa kompyuta ali ndi foda yakeyake ya AppData.
5. Fayilo yawonongeka. Apa chitani mosamala. Mukaona My Places ili yopanda kanthu, musatseke n'kutsegula kambirimbiri poyesa mwayi, chifukwa kutseka kulikonse kungalembe fayilo yopanda kanthuyo pamwamba pa backup yabwino. Pitani ku foda ija pulogalamu ikadali yotseguka, koperani mafayilo onse oyamba ndi myplaces kupita pa desktop. Yerekezani kukula kwake. Ngati myplaces.backup.kml ndi yaikulu kuposa inzake, tsekani Google Earth, ibwezereni kopiyo mu foda, muitche myplaces.kml.

My Places isakhale nkhokwe ya ntchito ya zaka zonse. Ntchito iliyonse ikhale ndi foda yake, ndipo ikatha dinani fodayo ndi batani lakumanja, Save Place As, muisunge ngati KMZ. KMZ ndi KML yopanikizidwa pamodzi ndi zithunzi zake, n'chifukwa chake ndi imene muyenera kutumizira anzanu. Umu ndi mmenenso mungasamutsire ntchito kuchoka pa Windows kupita pa Mac kapena Linux.

## Chizindikiro 6: Pini ikugwera kutali ndi malo ake enieni

Vuto ili ndi limene limandidetsa nkhawa koposa ena onse, chifukwa pulogalamu siidandaula chilichonse. Pini imangokhala pamene mwaiuza, ndipo lipoti limapita kwa abwana lili ndi mjigo pamalo olakwika. Kutalika kwa kuphonyako ndi kumene kumakuuzani choyambitsa.

Pini yagwera dziko lina

1. Mwaiwala kamzere ka minus. Malawi, Zambia ndi Mozambique zili kummwera kwa equator, choncho latitude imayamba ndi minus kapena imatha ndi S. Lilongwe ali pafupi ndi -13.98, 33.78. Mukalemba 13.98, 33.78 mufika ku Sudan.
2. Manambala asinthana malo. M'bokosi la Search mumayamba ndi latitude. Koma mkati mwa fayilo ya KML, longitude ndi imene imayamba. Wolemba KML pamanja akaika -13.98,33.78, pini ya Lilongwe imagwera m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco. Potsegula CSV, onetsetsani kuti mwauza Google Earth mzere umene uli latitude ndi umene uli longitude.
3. Zone ya UTM yalakwika. UTM ndi kalembedwe ka malo m'mamita, kogawa dziko m'zigawo zotchedwa zone. Malawi yense ali mu zone 36, pamodzi ndi Chipata ndi Tete, pamene Lusaka ali mu 35. Akatswiri a mapu a pa kompyuta (GIS) amalemba 36S kutanthauza kummwera, koma Google Earth imagwiritsa chilembo cha lamba wa latitude. Kuyambira madigiri 8 mpaka 16 kummwera ndi L, kuyambira 16 mpaka 24 ndi K. Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre ndi 36 L, Nsanje ndi Tete ndi 36 K. Chilembo cha S m'kachitidwe kameneka ndi lamba wa kumpoto kwa equator, cha ku Cyprus ndi Turkey.
4. Kompyuta imalemba chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho. Kompyuta yoikidwa Chipwitikizi, monga zambiri za ku Mozambique, imalemba 13,98. Excel ikatulutsa CSV yotere, manambala amasokonekera. Tsegulani fayiloyo mu Notepad muone. Pa Linux, mapini onse akaunjikana pamalo olakwika, yambitsani pulogalamu mu terminal ndi LC_NUMERIC=en_US.UTF-8 google-earth-pro.

Pini yaphonya ndi makilomita angapo

Mwasakaniza madigiri ndi maminiti. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Choncho 13°58' si 13.58 ayi. Gawani 58 ndi 60, mupeza 0.967, ndiye nambala yoona ndi 13.967. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, kutanthauza kuti kulakwitsa kumeneku kumasuntha pini makilomita oposa 40. Onani mmene GPS kapena foni yanu ikulembera, kenako ku Tools, Options, 3D View, pa Show Lat/Long, sankhani kalembedwe komweko.

Pini yaphonya ndi mamita zana kapena mazana angapo

Mapini onse akasunthira mbali imodzi ndi mtunda wofanana, vuto ndi datum, maziko amene manambala a malo amawerengedwerapo. Google Earth imagwiritsa WGS84. Mapu ambiri akale a m'dera lathu lino anajambulidwa pa Arc 1950 kapena Arc 1960, ndipo zimalembedwa m'mphepete mwa pepala la mapuwo. Manambala a pa mapu otere ayenera kusinthidwa kaye, ndipo QGIS, imene ndi yaulere, imachita zimenezi. Pa GPS ya m'manja, lowani mu setup muone ngati datum ili pa WGS84 musanayambe kuyenda m'minda. Shapefile yobwera popanda fayilo yake ya .prj imabweretsanso vuto lomweli, mufunseni amene anakutumizirani.

Pini yaphonya ndi mamita ochepa

Pamenepa palibe choti mukonze. GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo ndi pafupi ndi makoma. Zithunzi nazonso sizikhala ndendende. Tsegulani zithunzi za zaka zosiyana pamalo otsetsereka, monga m'mbali mwa phiri la Zomba kapena la Mulanje, muona nyumba imodzimodziyo ikusuntha pang'ono chaka ndi chaka.

## Chizindikiro 7: Zithunzi n'zakale, pali mitambo, kapena mapu apendekeka

Google Earth siionetsa zimene zikuchitika panopa. Zithunzi zake ndi zosonkhanitsa kuchokera ku masetilaiti ndi ndege, zina za Maxar, zina za Airbus, zina za Landsat ndi Copernicus, zojambulidwa masiku osiyanasiyana. Tsiku la chithunzi limalembedwa kumunsi kwa sikirini pa Imagery Date. Kuika pulogalamu yatsopano sikusintha chithunzi cha mudzi wanu, chifukwa makompyuta onse amatenga ku seva imodzi.

- Dinani kachithunzi ka wotchi pamwamba, kapena View, Historical Imagery. Nthawi zina chithunzi chatsopano kwambiri chimakhala mmenemo. Mitambo ikaphimba, sankhani cha m'chilimwe.
- Mapu akapendekeka kapena kumpoto kukasowa, dinani pa mapu kenako R pa kiyibodi. N imabwezera kumpoto pamwamba, U imaongola kupendekeka. Kuti isamapendekeke yokha mukamayandikira pansi, pitani ku Tools, Options, Navigation, musankhe Do not automatically tilt while zooming.
- Zilembo za menyu zikachepa kwambiri pa sikirini yatsopano ya Windows, dinani googleearth.exe ndi batani lakumanja, Properties, Compatibility, Change high DPI settings, muyese System.

## Chizindikiro 8: Ya mu browser ikuima pakati potsegula

Iyi ndi imene imathandiza pa Chromebook ndi pa kompyuta imene simuloledwa kuikamo kanthu. Poyamba inkayenda pa Chrome yokha, koma kuyambira 2020 imayendanso pa Firefox, Edge ndi Opera.

1. Graphics acceleration ndi yozimitsa. Mu Chrome pitani ku Settings, System, muiyatse, mutsegulenso browser. Lembani chrome://gpu muone ngati WebGL ikuti Hardware accelerated. Ikapanda kutero, bwererani ku nkhani ya driver pa Chizindikiro 2.
2. Browser ndi yakale. Ipangeni update.
3. Extension ina ikutsekereza. Yesani mu Incognito.
4. RAM yachepa. Pa kompyuta yofooka, Google Earth Pro imapepuka kuposa ya mu browser.

Ntchito imene mwasunga ku Google Drive ndi yotetezeka. Koma KML imene mwangoitsegula mu browser imakhala mu browser momwemo, ndipo mukafufuta zosunga za browser imapita nazo. Itulutseni ngati fayilo kaye.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

Mmisiri wa makompyuta

- Laputopu ikuzima yokha ikatentha, fani ikulira kwambiri kapena siikuzungulira n'komwe. Google Earth imagwiritsa graphics mwamphamvu, ndiye imangoulula fumbi limene ladzaza mkati. Kuikakamiza kumapsereza chipangizo chodula.
- Mizere, timadontho ta mitundu kapena kuthwanima zikuoneka ngakhale Google Earth ili yotseka, kapena kompyuta isanalowe mu Windows.
- Sikirini ya buluu ikubwerabe mutaika driver yoyenera.
- Batire latupa, kiyibodi yakwera, kapena mukumva fungo la kupsa. Zimitsani, chotsani ku magetsi, musaiyatsenso.
- Disiki ikugogoda kapena mafayilo ena akusowanso. Lekani kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, chifukwa chilichonse chimene mungalembepo chingakwirire zimene zikanapulumuka.
- Malangizo amene mwapeza akukuuzani kusintha Registry kapena BIOS ndipo simunachitepo.

Popita kwa mmisiri, jambulani ndi foni uthenga wa error, mulembe nambala ya Google Earth ya pa Help, About, ndi zimene mwayesa kale. Muuzeni mosabisa kuti asaike Windows yatsopano asanakopere foda ya GoogleEarth, chifukwa AppData ndi yobisika ndipo wokopera Documents ndi Desktop zokha amaisiya.

A IT a kuntchito

Pasiwedi ya administrator, firewall ndi proxy za bungwe ndi zawo. Apatseni dzina la kh.google.com kuti adziwe chotsegula.

Wopima malo wovomerezeka

Ruler ya Google Earth Pro imayeza munda bwino ndithu pa ntchito yowerengera mbewu ndi feteleza. Sankhani Polygon, zungulirani mundawo, musankhe mahekitala kapena maekala, pokumbukira kuti hekitala imodzi ndi maekala 2.47. Koma pa malire a puloti, pogula malo, pa mkangano wa munda pakati pa mabanja, kapena pa mapepala a lizi, mamita ochepa aja a pa Chizindikiro 6 ndi okwanira kulowetsa khitchini ya mnzanu m'puloti yanu. Chithunzi chosindikiza mungapite nacho kwa amfumu kapena ku ofesi ya zamalo kuti muonetse dera limene mukunena, ndipo tsiku la chithunzicho lizioneka papepalapo. Manambala a malire enieni achokere kwa wopima malo amene ali ndi chiphaso, kapena ku Dipatimenti ya Surveys, ndipo akakupatsani mufunse datum imene agwiritsa ntchito musanawalowetse mu Google Earth.